MWANA AKAPEMPHA LAPUTOPU: MAKOLO AYAMBE AFUNSA ASANAGULITSE CIMANGA

KABWE: M'mawa uliwonse dzuwa likamatuluka, miseu ya komboni ya Bwacha mumzinda wa Kabwe imadzaza ndi anthu opita ku nchito ndi ku sukulu. Dzina la komboni imeneyi m'Cibemba litanthauza kuti kunja kwaca. Masiku akale ambiri mwa anthu amene anali kulawirira cotero anali amuna a ku mgodi ndi a ku njanji. Lero pakati pa khamu limeneli pali anyamata ndi atsikana obereka zikwama kumsana, ndipo m'zikwama zina muli makina opyapyala, opindika ngati buku, amene achedwa laputopu.

Nkhani ya makina amenewa siikhudza anthu a m'tauni okha iai. Ana ambiri amene aphunzira m'makoleji ndi m'mayunivesite a ku Kabwe acokera kumidzi, ena kutali monga ku Nyimba, Petauke, Katete, Chipata ndi Lundazi, ndipo ena a iwo akhala kwa acibale m'makomboni monga Bwacha, Ngungu ndi Chimanimani. Tsiku lina foni imalira kumudzi, mwana n'kunena mwaulemu kuti aphunzitsi afuna kuti nchito yonse izilembedwa pa kompyuta. Pempho lotere likonda kufika nthawi yogulitsa mbeu, pamene mwana adziwa kuti m'nyumba mwalowa kandalama.

Pamenepo kholo limene mwina silinakhudzepo kompyuta cibadwire liyenera kugamula mlandu wovuta. Likakana, mwana angatsalire m'mbuyo pa maphunziro. Likavomera mothamanga, thukuta la caka conse lingathere pa cinthu cimene cidzafa miyezi itatu isanakwane. Akulu anati safunsa anadya phula. Cotero ndi bwino kuti mabanja adziwe kuti makinawa ndi otani, afunikira yani, ndiponso kuti abwino aoneka bwanji.

KODI LAPUTOPU N'CIANI?

Laputopu ndi kompyuta imene ziwalo zake zonse zili pamodzi. Ikatsegulidwa, kumtunda kumakhala galasi loonetsa mau ndi zithunzi, ndipo kumunsi kumakhala mabatani a zilembo onga a makina otaipira amene akalaliki anali kugwiritsa nchito m'maofesi a Boma. M'kati mwake muli batire, mwakuti ikachajidwa imagwira nchito kwa maola angapo popanda kulumikizidwa ku magetsi. Munthu atha kulembapo kalata, kuwerengera ndalama, kusunga mabuku mazanamazana, ndiponso kutumiza ndi kulandira mauthenga ngati pali intaneti.

Ena afunsa kuti nanga foni siingacite zonsezi? Foni icita zambiri ndithu, koma kulemba nkhani ya masamba makumi awiri ndi zala ziwiri pa kagalasi kakang'ono kuli ngati kulima dimba lonse ndi mpeni. Ndico cifukwa cake ophunzira a maphunziro apamwamba afuna laputopu ngakhale ali nayo kale foni.

MMENE INACEPERA

Makina amenewa sanayambe ali opepuka. Mu 1981 Bambo Adam Osborne a ku America anatulutsa kompyuta yonyamula yochedwa Osborne 1. Inali kulemera makilogalamu opitirira 10, kuposa thumba laling'ono la ufa, galasi lake linali ngati cikhatho ca munthu, ndipo mtengo wake unali madola 1,795. Mu 1985 kampani ya Toshiba ya ku Japan inapanga ina ya makilogalamu pafupifupi 4 yokhala ndi batire, ndipo anthu anaona ngati zozizwitsa. Komabe kwa zaka zambiri makinawa anali a anthu olemera ndi makampani akuluakulu cabe.

Zinthu zinayamba kusintha mu 2005, pamene Bambo Nicholas Negroponte analengeza za bungwe la One Laptop per Child, lofuna kupanga laputopu ya madola 100 ya ana a m'maiko osauka. Pamene makinawo anayamba kutuluka mu 2007 mtengo wake unali pafupifupi kuwirikiza kawiri, koma maiko monga Uruguay, Peru ndi Rwanda anagula ambiri. Caka comweco kampani ya Asus ya ku Taiwan inatulutsa kalaputopu kotsika mtengo kosakwana kilogalamu imodzi. Mu January 2008 Bambo Steve Jobs a kampani ya Apple anadabwitsa anthu pa msonkhano posolola laputopu ya MacBook Air m'envelopu ya makalata. Kucokera nthawi imeneyo makampani onse akhala akupikisana pa kupyapyala ndi kupepuka.

Kuti makinawa apyapyale, amisiri anacotsamo cipangizo coseweretsera ma CD, ndipo m'malo mwa mbale yozungulira imene inali kusunga zolembedwa anaikamo kacipangizo kopanda cozungulira ciliconse kochedwa SSD. Anapanganso ubongo wa makina wodya magetsi pang'ono, ndi mabatire afulati. Laputopu yopepuka ya masiku ano ilemera pakati pa kilogalamu imodzi ndi imodzi ndi theka, osafika ngakhale pa mapaketi awiri a shuga. Mzambia anganyadireko pang'ono poinyamula, pakuti nthambo zake ndi za mkuwa ndipo m'mabatire ambiri muli kobalti, miyala imene ikumbidwa ku Copperbelt ndiponso kwa anansi athu a ku Congo.

KABWE, KUCOKA KU MGODI KUPITA KU MAPHUNZIRO

Kabwe, likulu la Cigawo ca Pakati, lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 140 kumpoto kwa Lusaka. Tauniyi inamera cifukwa ca mtovu ndi zinki zimene zinapezeka mu 1902, ndipo m'nthawi ya atsamunda inali kuchedwa Broken Hill. Mgodi unatsekedwa mu 1994 ndipo mabanja ambiri anagwa m'mavuto. Kale mnyamata wa ku Bwacha wokhala ndi mphamvu za m'manja anali kudziwa kumene angakapeze nchito. Lero mphamvu zokha sizikwanira.

Cimene cathandiza kudzutsa tauniyi ndi maphunziro. Kuli Yunivesite ya Mulungushi, imene inakhazikitsidwa mu 2008, Yunivesite ya Kwame Nkrumah, imene kale inali koleji ya aphunzitsi, sukulu ya nchito zamanja ya Kabwe Institute of Technology, ndiponso masukulu a anamwino. M'malo onsewa aphunzitsi atumiza zowerenga kudzera pa intaneti ndipo afuna kuti mayankho abwere otaipidwa. Wopanda makina akeake abwereka kwa mnzake usiku, apo ayi alipira pa tsamba lililonse kwa anthu otaipira anzao m'tauni. Mlili wa COVID-19 utatseketsa masukulu onse mu March 2020, kusiyana kwa mwana wokhala ndi laputopu ndi wopanda kunaonekera poyera.

Ngakhale m'masukulu a sekondale phunziro la makompyuta linalowa kale. Boma linaliika m'ndondomeko ya maphunziro imene inayamba mu 2014, ndipo mayeso oyamba a Giredi 9 analembedwa mu 2015. Makolo ambiri akumbukirabe caka cimeneco, pakuti m'masukulu ena makompyuta anali ocepa kwambiri ndipo magetsi anali kuzimazima, mwakuti ana anadikirana pa mzere mpaka usiku. Kucokera apo bungwe la ZICTA ndi mabungwe ena akhala akupereka makompyuta m'masukulu, ngakhale kuti kusowa kukalipo.

Apa mpofunika kusiyanitsa. Mwana wa ku pulaimale kapena amene wangoyamba sekondale safunikira laputopu yakeyake, ndipo kholo lisadziimbe mlandu polephera kumugulira. Amene aifunikira kwenikweni ndi wa ku koleji kapena ku yunivesite, ndiponso amene wamaliza sukulu ndipo afuna kudzilemba yekha nchito. Masiku ano kulembetsa bizinesi ku PACRA, kupereka msonkho ku ZRA ndi zopereka za NAPSA zitheka pa intaneti. Wacinyamata wodziwa njira zimenezi atha kuthandiza amalonda a pa msika ndi makopaletivu a alimi, kuwalembera makalata ndi kuwasungira ziwerengero, iye n'kumapezapo ya sopo ndi ya ufa.

VUTO LA MAGETSI

Kabwe anadziwa magetsi kale kwambiri, pakuti damu la Mulungushi linayamba kupereka mphamvu ku mgodi mu 1925. Komabe mu 2024 anthu a ku Bwacha anagona mu mdima pamodzi ndi dziko lonse. Mvula inakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti cilala cimeneco ndi ngozi ya dziko, madzi m'nyanja ya Kariba anatsika koopsa, ndipo m'miyezi ina madera ambiri anali kukhala opanda magetsi kufikira maola 21 pa tsiku.

Nthawi yotere ndiyo inaonetsa ubwino wa laputopu. Kompyuta yaikulu ya pa tebulo imazima nthawi yomweyo magetsi akapita, ndipo zimene munthu anali kulemba zingataike. Laputopu imapitiriza ndi batire lake. Chaja yake idya mphamvu yocepa, kawirikawiri mawati 45 kapena 65, monga babu limodzi la masiku akale, mwakuti sola ya pa nyumba yokhala ndi batire ndi inveta yoyenera ikhoza kuichaja ngakhale kumudzi. Cotero kwa munthu wa m'dziko lino funso loyamba pogula liyenera kukhala lakuti batire likhala maola angati. Za maonekedwe zibwere pambuyo.

CIKOMEKOME CA MKUYU

Pakati pa tauni ya Kabwe pali mkuyu waukulu wochuka umene Boma liusunga monga cikumbutso ca dziko, cotero anthu a kuno audziwa bwino mwambi wakuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Mwambiwu ugwira nchito kwambiri pa malonda a makompyuta.

M'masitolo a ku Kabwe ndi ku Lusaka muli mitundu iwiri. Pali malaputopu atsopano, ndipo pali ogwirapo kale nchito, amene anthu angowacha a salaula. Ambiri a salaula acokera m'maofesi a maiko a kunja, kumene makampani asintha makina pakapita zaka zocepa. Mitundu ya m'maofesi monga Lenovo ThinkPad, Dell Latitude ndi HP EliteBook idziwika kuti ndi yolimba ndipo zipangizo zake zipezeka kwa amisiri. Kawirikawiri yotere, ngati siinakalambe kwambiri, itumikira bwino kuposa yatsopano yotsikitsitsa mtengo imene iwala kunja koma m'kati muli zofooka.

Msinkhu wa makina ndi wofunika. Kampani ya Microsoft inaleka kusamalira mwa nthawi zonse pulogalamu ya Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imene inalowa m'malo mwake siivomera makina ambiri opangidwa caka ca 2018 cisanafike. Wogula afunse ngati laputopuyo ili m'gulu lovomerezeka kulandira Windows 11. Ogulitsa ena achula cabe kuti ndi Core i5 kapena Core i7, koma maina amenewa akhala alipo kwa zaka zoposa khumi, ndipo cofunika kudziwa ndi m'badwo wake. Wa nambala 8 kapena kuposerapo ndiwo woyenera.

Pali ziwerengero zina ziwiri zimene kholo lingalembe pa pepala ngakhale silidziwa kompyuta. Coyamba ndi RAM, imene ili ngati bwalo lopunthirapo mbeu: likacepa nchito imacedwa. Ikhale 8 GB. Caciwiri ndi SSD, imene ili ngati nkhokwe yosungiramo zolembedwa. Ikhale 256 GB kapena kuposa. Kwa wophunzira za uphunzitsi, unamwino kapena za malonda zimenezi n'zokwanira. Wophunzira za uinjiniya kapena zojambula mapulani a nyumba afunse aphunzitsi ake coyamba, pakuti nchito yake ifuna makina amphamvu koposa.

Kupyapyala nakonso kuli ndi malire ake. Laputopu yopyapyala kopitirira muyeso ikonda kukhala ndi ziwalo zomatidwa pamodzi, mwakuti cimodzi cikafa mmisiri sangacisinthe, ndipo malo olowetsapo fulashi amakhala ocepa. Ya galasi la mainchesi 14, yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndi yopepuka mokwanira kuyenda nayo pansi kucoka ku Bwacha kupita m'tauni, komanso ndi yotheka kukonza.

TSIKU LOGULA

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kholo kapena mwana asapite yekha kogula, koma atenge munthu wodziwa makinawa amene sadzapindulapo kanthu pa malondawo. Afike ndi nthawi yokwanira. Laputopu iyatsidwe, chaja icotsedwe, ndipo igwire nchito kwa theka la ola kuti aone mmene batire litsikira. Batani lililonse lidinidwe. Galasi liyang'anidwe bwino ngati lili ndi madontho kapena mizere. Atsegule ndi kutseka kangapo kuti aone ngati mahinji ali olimba, ayese kamera, zolankhulira ndi malo onse olowetsapo nthambo. Ngati makina apempha mau acinsinsi amene wogulitsa sawadziwa, asiyidwe pomwepo.

Lisiti ndi lofunika ngati makina enieniwo. Likhale ndi dzina la sitolo, tsiku, mtengo, nambala ya makina imene ipezeka kunsi kwake, ndiponso miyezi imene wogulitsa alonjeza kukonza kapena kusintha cinthu cikavuta. Lamulo loteteza ogula la mu 2010 liletsa amalonda kupacika zikwangwani zakuti katundu akagulidwa sabwezedwa, ndipo wolakwiridwa atha kukadandaula ku bungwe la CCPC. Koma wopanda lisiti alibe poyambira. Laputopu yogulidwa pa mseu kwa munthu wosadziwika, pa mtengo wotsika modabwitsa, ingakhale yakuba, ndipo apolisi akaipeza wogulayo ataya makina ndi ndalama zomwe, mwinanso n'kukayankha mlandu. Momwemonso banja lisatumize ndalama pa foni kwa munthu amene wangoonetsa cithunzi pa Facebook kapena pa WhatsApp.

Mlimi amva bwino mtengo ukawerengedwa m'matumba. Mu 2025 bungwe la FRA linali kugula thumba la cimanga la makilogalamu 50 pa K340. Mwacitsanzo, wogulitsa akachula K5,000, amenewo ndi matumba pafupifupi 15. Pamwamba pake pafunika cikwama cabwino, fulashi, ndi ndalama za intaneti mwezi ndi mwezi. Banja likhale pansi, lione cimanga cimene cidzatsala m'nkhokwe kufikira kukolola kwina, ndi ndalama za feteleza. Ngati sizikwana, palibe manyazi kudikira caka cimodzi, kapena kupempha amalume ndi azakhali kuti asonkheko, pakuti mutu umodzi susenza denga.

KUSAMALA

Adani a laputopu ndi fumbi, kutentha, madzi ndi mbala. Fumbi la m'miyezi ya August, September ndi October limatseka timabowo topumira, makina n'kuyamba kutentha. Cifukwa cake isaikidwe pa bulangete kapena pa matiresi pogwira nchito, koma pa tebulo kapena pa thabwa. Kapu ya tiyi ikhale kutali. Magetsi akapita chaja izulidwe pa khoma, popeza pobwera nthawi zina amadza ndi mphamvu yoononga. M'minibasi cikwama cikhale pa miyendo, osati pansi pa katundu wa anthu ena. Ndipo wophunzira wanzeru asunga zolemba zake pawiri, pa makina ndi pa fulashi, kuti makina akabedwa kapena kufa nchito ya caka conse isapite nao.

IKAFA ITAYIDWE KUTI?

Pa nkhani imeneyi anthu a ku Kabwe ali ndi phunziro lowawa loposa la wina aliyense. Mtovu umene unatsala m'nthaka mgodi utatsekedwa ukali kudwalitsa ana m'makomboni monga Kasanda, Chowa ndi Makululu. Mtovu ukalowa m'thupi la mwana umaononga ubongo mwakacetecete, mwana n'kumalephera m'kalasi popanda wodziwa cifukwa. Makompyuta akale ali nao mtovu pang'ono m'zolumikizira zake, ndipo mabatire akuluakulu a sola ndi a galimoto ali nao wambiri.

Cotero laputopu yakufa isaponyedwe m'dzala kapena m'cimbudzi, isatenthedwe pofuna kucotsa mkuwa, ndipo isapatsidwe kwa ana kuti aziseweretsa. Batire likatupa lingagwire moto, ndipo lisaboolodwe. Ndi bwino kupereka makina otere kwa amisiri amene acotsako ziwalo zabwino, kapena kufunsa a khonsolo ndi a bungwe la ZEMA za malo oyenera.

MAKINA OKHA SAPHUNZITSA

Boma la Peru litagawira ana a kumidzi malaputopu zikwi mazana ambiri, akatswiri a banki ya Inter-American Development Bank anafufuza ndipo mu 2012 anapeza kuti anawo anazolowera kugwiritsa nchito kompyuta, koma masamu ndi kuwerenga sizinapite patsogolo. Phunziro lake ndi lomveka kwa mlimi aliyense. Khasu latsopano silipalira lokha m'munda. Laputopu imodzimodziyo ingakhale nyumba ya mabuku, ingakhalenso malo oonerapo mafilimu usiku wonse ndi kubecha ndalama pa mpira.

Cifukwa cake makolo amene agulitsa mbeu kuti agule makinawa ali ndi ufulu wonse wofunsa. Mwana akabwera ku holide atsegule laputopu pamaso pa atate ndi amai ake, awaonetse zimene walemba ndi magiredi amene wapeza. Awerengerepo ndalama zimene banja linaononga pa mbeu ndi feteleza ndi zimene linapeza pogulitsa, alembere kopaletivu ya m'mudzi kalata, aphunzitseko ang'ono ake kutaipa maina ao. Akatero ngakhale agogo adzaona kumene matumba aja anapita.

Wacinyamata amene atuluka m'nyumba ku Bwacha m'mawa ndi cikwama copepuka kumsana akumbukire kuti wanyamula zokolola za munda wa makolo ake. Ndipo makolo amene pempho lotere silinawafikire akonzekeretu, pakuti mwana akapitiriza kukhoza mayeso, tsiku lina foni idzalira.